Nsapato za Penti pa Zojambula za Esnati

Ku Mponela kuli munthu wojambula zithunzi amene wawononga ntchito ya zaka ziwiri ya mdzukulu wanga, ndipo mpaka lero akuti ndimuthokoze. Anthu amamutchula kuti Fulashi. Pakamwa ndalankhula mpaka malovu kuuma, ndiye tsopano ndalemba. Ine cholembera ndinachigwira ndili ndi imvi kale, ku sukulu ya kwacha, choncho mawu anga ndi osakongola. Muwasiye momwemo. Za kukongoletsa zinthu za eni ndatopa nazo.

Mdzukulu wangayo ndi Esnati. Makolo ake anatisiya, ndipo ndimamulera ine kwathu kuno kwa Dzoole. Ali Fomu 4 pa sekondale ina ya kumapiri, njira ya ku Ntchisi. Pa sukulupo panabwera mphunzitsi wa zojambulajambula, Mayi Mbewe. Anapeza sukulu ilibe penti, ilibe bulashi, ilibe ngakhale pepala lalikulu limodzi. Wina akanangokhala pansi n'kumalandira malipiro. Iwo ayi. Anaphunzitsa ana kuotcha makala awoawo, timitengo tating'ono m'chitini chobowola pachivindikiro. Anawaphunzitsa kupera katondo, kumusefa pa kansalu, n'kusakaniza ndi utomoni kuti agwire pa pepala. Chakuda bii ankachipeza ku mwaye. Mapepala ankapempha kwa alimi, aja okulungira mabelo a fodya.

Poyamba ndinkaona ngati masewera. Teremu yathunthu mwana akujambula mapazi okhaokha. Nditamufunsa anati, "Agogo, a Mbewe akuti phazi likalakwika munthu yense amaoneka ngati akuyandama." Pa holide sankakhala pakhomo. Ankapita ku esiteti ya fodya yomwe tayandikana nayo, kumene kuli mabanja a matenanti ochokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Machinga. Ankakhala pa chigafa n'kumawajambula akusankha fodya, akusoka, akupuma. Ankabwerako ali mbuu ndi makala mpaka m'mphuno. Nditaona zomwe ankabwera nazo, ndinasiya kuseka. Anthu aja ndinkawazindikira mmodzimmodzi, ena ndi kaimidwe kokha.

Chaka chino Mayi Mbewe anasankha zojambula zabwino kwambiri n'kuziika m'chikatoni chachikulu chopinda pakati ngati buku, chomanga ndi zingwe. Iwo amachitchula kuti potifoliyo. Kuli koleji ina kutauni imene imatenga ana ochepa a luso limeneli. Poyamba amafuna uwatumizire zithunzi za zojambulazo. Kenako anthu a ku kolejiko amabwera okha ku sukulu kudzaona zenizenizo ndi kufunsa mwana mafunso. Lamulo lawo lalikulu ndi limodzi: pa pepala pakhale dzanja la mwanayo basi. Ngakhale Mayi Mbewe sagwira khala pa pepala la mwana. Akafuna kusonyeza polakwika amaloza ndi kaudzu.

Esnati anali pa kalikiliki wa mayeso, ndiye ine ndinati chikatonicho ndipita nacho ku situdiyo ndekha. Anandilangiza ngati ndine mwana. "Agogo, makala amachoka mukakhudza. Musalole munthu aikepo chala. A Mbewe akuti wa situdiyoyo azijambulire panja, pa dzuwa, inu muli pomwepo. Musazisiye." Pakati pa zojambulazo anali atayalamo timapepala topyapyala kuti zisakhudzane. Ndinamanga chikatonicho pa njinga ndi chitenje, ndipo pa mabampu ndinkatsika n'kumakankha.

Amene simunalowemo mu situdiyo ya a Fulashi, ndikuuzeni momwe muliri. Kumbuyo kuli chinsalu chojambulidwa nyumba zosanja ndi ndege. Pa tebulo pali telefoni yopanda nthambo ndi maluwa a pulasitiki. Pa khoma papachikidwa jekete ndi tayi, ndipo pansi pali nsapato zobwereketsa, zazikulu ndi zazing'ono. Ukalowa wochokera kumunda, umatuluka pa chithunzi uli bwana. Mkuluyu ndi wolembanso zikwangwani. Chibwerere matipate ntchito yamuchulukira. M'mawa amapenta chikwangwani cha chipani ichi, masana cha chipani icho, bulashi yomweyo.

Ndinafotokoza zomwe ndabwerera. Sanayang'ane n'komwe chikatonicho.

"Madala, magetsi kulibe. Siyani pamenepo, mubwere Lachinayi."

Ndinati aphunzitsi anena kuti zijambulidwe panja, pa dzuwa.

"Aphunzitsiwo ali ndi situdiyo?"

Ndinati ayi.

"Ndiye asiyeni aziphunzitsa, ife tizijambula."

Tikulankhula choncho, lole ya anthu a chipani inaima panja n'kuyamba kuimba hutala. A Fulashi anatenga kamera n'kudumphiramo. Ndinatsala ndi akazi awo, amene amakhala pa kauntala. Kunja kunali kutachita mdima kumapiri a ku Dowa, mawawa atayamba. Mayiwo anati, "Bambo, mapepala ndi mvula siziyenderana. Siyani, ndiika pamwamba pa kabati. Palibe azigwira." Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana chikatoni. Ndinaganiza za makala aja akusungunuka pa njinga. Ndinasiya. Koma ndinanena, ndipo ndinabwereza: munthu asatsegule ine kulibe. Mayiwo anavomera. Alipo, afunseni.

Lachinayi ndinapalasa. Situdiyo inali yotsegula koma mwini wake kunalibe. Akuti apita ku msonkhano kwa Msakambewa. Ndinayang'ana pamwamba pa kabati. Chikatoni panalibe. Mayi aja anati, "Achiika pabwino." Ndinabwerera kumudzi mtima uli m'mwamba.

Loweruka ndinamva fungo ndisanalowe. Fungo la penti wa mafuta, uja wopentera zitseko. A Fulashi anandilandira ndi manja awiri, mano onse pamtunda.

"Madala! Khalani pansi. Lero mundigulira Fanta."

Anatulutsa chikatoni chija. Zingwe zinali zomangidwa mwa mtundu wina. Timapepala topyapyala tija tinali pansi, atapukutira bulashi.

Chojambula choyamba chinali cha bambo wina wa ku Thyolo atasenza mtolo wa fodya. Esnati anamujambula zala za kuphazi zitakanirira m'dothi chifukwa cha kulemera. Tsopano bamboyo anali atavala nsapato zakuda, zonyezimira, zosongoka kutsogolo. Ndinatsegula chachiwiri. Ana awiri akusoka fodya, onse nsapato ndi masokosi oyera. Chachitatu, mayi woyamwitsa. Nsapato zazitali chidendene, zofiira, m'chigafa! Malaya ong'ambika onse anali atasokedwa ndi penti. Nkhope zonse zinali zitayeretsedwa, zachita mbee ngati anthu odwala. Panalinso changa, chimene Esnati anandijambula nditakhala pa khonde. Anandimanga tayi. Anandibwezeranso mano amene ndinachotsa kalekale.

Ndinafunsa kuti ichi n'chiyani.

"Ndamalizitsa," anatero. "Mwana wanu ali ndi dzanja, koma samaliza. Penti ameneyu ndi basela, simulipira."

Basela! Ndani anapempha basela? Mukapita ndi mbuzi kwa dokotala wa ziweto, iye n'kuidula miyendo n'kuikapo matayala, mumathokoza chifukwa sanakulipiritseni?

Ndinayang'anitsitsa ndipo ndinaona kuti m'malo ambiri makala anali atafufutika, pachita chimtambo chotuwa. Ndinafunsa. Poyamba anazungulira. Kenako anati, "Zinali ndi fumbi lambiri, ndiye ndinapukuta ndi kansalu. Mizere ina inathawa, ndiye ndinaibwezera." Mwamva? Fumbi lomwe ankapukutalo ndi chojambula chenichenicho. Mithunzi imene mwana ankaisalaza ndi chala chake pang'onopang'ono, mkuluyu anaiona ngati litsiro. Atawononga, m'malo moima n'kudikira mwini wake, anatsegula chitini cha penti.

Ndinati chabwino, ndipatseni zithunzi zomwe munajambula zisanawonongeke. Anandipatsa envulopu. Zithunzi zonse zinali za nsapato.

"Za poyambazo ndikanajambuliranji? Kutaya filimu pa zinthu zosamalizidwa?"

Apa ndipamene mawu anga anakwera. Anthu anayamba kusuzumira pa khomo. Iye sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Analoza nsapato zobwereketsa zija.

"Madala, mu situdiyo yanga simutuluka munthu wopanda nsapato. Lamulo limenelo ndi la ine. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse ndimadinda dzina langa. Mukufuna anthu a kutauni aziti ku Mponela kuli Fulashi wojambula umphawi? Dziko lasintha ili. Ino ndi nthawi ya matipate."

Ndinamufunsa ngati matipatewo agawa nsapato ku esiteti. Anthu pa khomo anaseka. Iye anati ndisalowetsepo ndale.

Panali chojambula chimodzi chimene ndinkaopa kutsegula. Chinali cha phazi lokha, lalikulu, lodzaza pepala lonse. Ndi phazi la a Nangozo, mayi wachikulire amene anakalambira pa esiteti paja. Phazi limenelo lilibe zala ziwiri, ndipo pamwamba pake panaphwanyika n'kupola mopindika. Esnati analijambula ndi katondo ndi mwaye, mang'a onse a kuchidendene akuoneka, moti umafuna kuligwira. Mayi Mbewe ananena kuti chimenecho ndicho chidzatsegule chitseko cha koleji. Phazi limenelo ine ndimalidziwa. Ndinalipo tsiku limene jeke yodindira mabelo inaligwera. Ndinali kapitawo pamenepo. Zina sindilemba.

A Fulashi analiveka jombo. Jombo yakuda ya asilikali, ya zingwe mpaka m'mwamba.

"Limeneli linandivuta," anatero monyadira. "Mwana analakwitsa kuwerenga zala."

Sindinamumenye. Ndikulemba izi kuti adziwe kuti sikunali kuopa. Ndinamanga chikatoni, ndinatuluka.

Ulendo wokwera ku sukulu sindidzauiwala. Ndinapeza Esnati akuchapa yunifolomu. Atandiona anathamanga, manja ali thovu, akuti, "Agogo, zatuluka bwino?" Ndinangomasula zingwe. Anatsegula chimodzichimodzi mpaka kumapeto, osalira. Pa jombo paja anakandapo ndi chikhadabo. Penti anali atauma gwa. Kenako anati, "Agogo, ndinanena kuti musazisiye." Basi. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Mayi Mbewe anayesa. Anadontheza palafini pa ngodya ya chojambula chimodzi kuti aone ngati penti angachoke. Pepala linangomwa mafuta n'kuchita chibanga. Anayesa kupala ndi lezala, pepala linabooka. Tsiku lotsatira anakwera minibasi okha kupita ku Mponela. Mukudziwa zomwe a Fulashi anawauza? Akuti ngati akufuna, azibwera Loweruka adzawaphunzitse kasakanizidwe ka mitundu, chifukwa kuphunzitsa ana kujambula ndi dothi n'kuwabwezera m'mbuyo. Mphunzitsi woti anaphunzira ku koleji, kuuzidwa zimenezo ndi munthu amene pa chikwangwani cha butchala anajambula ng'ombe yooneka ngati galu!

Nthawi inali itatha. Zithunzi sizikanatumizidwa. Mayi Mbewe anakaimba foni ku positi kupempha kuti anthu a ku koleji abwerebe adzaone ndi maso. Anauza Esnati kuti ajambule zatsopano zomwe angathe, pakati pa mayeso. Esnati anati ayamba ndi phazi lija.

Ndinamuperekeza ku esiteti, ngakhale ine kumeneko sindikonda kupondako. Tinapeza a Nangozo akusankha fodya pa mkeka. Esnati anagwada n'kuwafotokozera, kenako anawaonetsa pepala. Mayiwo analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Iii, mwana iwe! Ndiye ndalowa usilikali?"

Amayi ena anabwera kudzaona, nawonso kuseka. A Nangozo anapukuta misozi ya kusekayo n'kutembenukira kwa ine.

"A Kapitawo, si inu mwatuma kuti aliphimbe?"

Ndinati ayi, mayi, si ine.

"Chabwino. Chifukwa zaka zonsezi palibe anandigulirapo nsapato. Ndimati mwina mwayamba ndi ya penti."

Palibe anasekanso. Anatambasula mwendo n'kuuza Esnati kuti, "Jambula, mwanawe. Koma uwerenge bwino. Zilipo zitatu." Ine ndinakhala pa chitsa mpaka mwana anamaliza. Sindinayang'ane kumbali.

Pofika tsiku la alendo, Esnati anali ndi zojambula zatsopano zitatu zokha. Anzake anali ndi zikatoni zodzaza. A ku koleji anabwera awiri, bambo ndi mayi. Anayala zonse pa madesiki, zatsopano ndi zowonongeka zomwe. Ine ndinaima panja pa windo. Bamboyo ananunkhiza pepala limodzi n'kufunsa kuti, "Wapenta apa ndani?" Esnati anafotokoza. Mayi Mbewe anafotokoza. Anandiitana, nanenso ndinafotokoza.

Sanali anthu oipa. Anamupatsa Esnati khala n'kumuuza kuti ajambule dzanja la mphunzitsi wake pomwepo, iwo akuona. Anajambula. Mayi wa ku koleji uja anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti chamugwira mtima. Koma bamboyo anati, "Agogo, timvetseni. Taonapo ana akubwera ndi ntchito yogula kwa olemba zikwangwani. Apa pali manja awiri. Inu ndinu agogo ake, awa ndi aphunzitsi ake, nonse mukumufunira zabwino. Tidziwa bwanji kuti zapansi pa pentizi ndi zake zonse? Ife timafuna ntchito ya zaka ziwiri, ndipo yoyera yomwe tikuiona ndi mapepala atatu."

Anatisiyira khomo limodzi. Anati munthu wopentayo akabwera ku sukulu, n'kunena pamaso pa ahedi zomwe analandira ndi zomwe anawonjezera yekha, ahedi n'kuwadziwitsa mwezi uno usanathe, dzina la Esnati adzaliikanso pa tebulo. Kupanda apo, malo apita kwa wina.

Anthuni, chimene chikufunika n'chimenecho basi. Sitikufuna ndalama zake. Sitikufuna kumutengera ku polisi. Akwere phiri, atsegule pakamwa, anene zoona, atsike.

Ndinapita kukamuuza. Ndinavula chipewa. Ndinamutchula kuti achimwene, munthu woti ndikhoza kumubala. Anali akumanga tayi mnyamata wina wofuna chithunzi chofunsirira ntchito.

"Ine ndikaime pamaso pa ana a sukulu ndizikati ndinalakwa? Ndinalakwa chiyani? Anthu akamva kuti Fulashi amawononga zinthu, mudzandidyetsa ndinu?"

Ndinati simukanena kuti munalakwa, mukangonena zomwe munachita.

"Ndilibe nthawi, madala. Sabata ino misonkhano ndi yambiri."

Ndinati tsogolo la mwana likutsekeka.

Yankho lake ndi limene landilembetsa zonsezi. Anati, "Akalephera kumeneko mubwere naye kuno. Azidzanditsukira mabulashi. Mwina aphunzirapo kumaliza."

Esnati akachoka pa sukulu paja alibenso Mayi Mbewe, alibe mapepala, alibe wina womuuza kuti apa pakhota. Abale ena ayamba kale kundinong'oneza za mwamuna wina wa ngolo amene akumufuna. Ine ndakalamba. Chaka chamawa chimene anthu amanena mosavuta chija, kwa mwana wamasiye wa kumudzi sichibwera kawiri.

Ndiye a Fulashi, ndikufunseni pano poti ku situdiyo mumandidula mawu. Anakutumani ndani kutsegula chikatoni chija? Akazi anu sanakuuzeni zomwe ndinanena, kapena anakuuzani inu n'kuona kuti mawu a nkhalamba ya pa njinga alibe ntchito? Mutaona kuti kansalu kanu kakufufuta nkhope ya munthu, bwanji simunaime pa pepala loyamba lomwelo? Munapitiriza bwanji mpaka lomaliza? Anthu amene munawaveka nsapatowo amadutsa pa khomo panu tsiku lililonse la msika, mapazi ali pansi. Munayamba mwatulukapo n'kupatsa mmodzi nsapato yeniyeni? Kapena chimakunyansani ndi kuwaona pa pepala pokha?

Ndipo inu makolo ndi aphunzitsi a ku Dowa ndi ku Ntchisi kuno, amene ana anu ayamba maphunziro amenewa, mverani ine amene ndapsa. Chojambula cha mwana musachisiye m'manja mwa munthu, kaya kukubwera mvula ya matalala. Bwererani nacho, chifungatireni m'malaya. Wojambula akati bwerani mawa, nyamukani nacho mubwere nacho mawalo. Akatulutsa kansalu, gwirani dzanja lake. Akati akuthandizani kukongoletsa, thawani.

Ine kuyambira Lolemba ndakhala ndikukhala pa khonde la sitolo yoyang'anana ndi situdiyoyo. Mwini sitoloyo anandilola. Ndimafika m'mawa, ndimavula nsapato zanga n'kuziika pambali, ndimaimika mapepala awiri pa mawondo: la jombo ndi latsopano la phazi, limene Esnati anandibwereka nditalumbira kuti silichoka m'manja mwanga. Sinditukwana munthu. Wofunsa ndimamufotokozera. Ena amaseka, ena amapukusa mutu, ena amene amabwera kudzajambulitsa amabwerera pa khomo. Dzulo akazi a Fulashi anawoloka msewu n'kundiuza chapansipansi kuti ndikuwaonongera bizinesi. Ndinati mayi, munati palibe azigwira. Anabwerera ku kauntala kwawo.

A Nangozo atumiza uthenga kuti tsiku la msika abwera adzakhale pambali panga, mwendo atatambasula, kuti ofuna kuwerenga zala adzawerenge okha. Kukhala tsiku lathunthu pafupi ndi phazi limenelo, anthu akufunsa kuti chinachitika n'chiyani, kwa ine si chinthu chopepuka. Akafunsa, mayiwo adzayankha momwe akufunira, ndipo ine sindidzachokapo.

A Fulashi, mwezi ukutha. Mukati minibasi ndi yodula, njinga yanga ili ndi kaliyala, ndipo ndaikapo kale pilo. Pokwera phiri ine nditsika ndizikankha, inu mutakhala. Valani jekete lija, tayi ndi nsapato zomwe mukufuna. Ine ndili tsidya lino la msewu, ndikudikira.